Nkhope ya Jane Austen Imene Ili pa Ndalama Si Imene Mkulu Wake Anajambula

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'nyuzipepala yanu za Jane Austen, mlembi wa ku England amene anabadwira ku Steventon pa 16 Disembala 1775 ndi kumwalirira ku Winchester pa 18 Julaye 1817 ali ndi zaka 41 zokha. Chandichititsa kulemba n'chakuti ndimamva anthu ena, ngakhale ophunzira bwino amene, akunena kuti mabuku ake ndi tinkhani tofewa ta atsikana ofuna mabanja basi. Ndikawafunsitsa ndimapeza kuti maganizo amenewa sanawatole m'kati mwa mabukumo ayi, koma pa zikuto zake ndi pa chithunzi chodziwika cha mlembiyo, chimene chimaonetsa mayi wa nkhope yozungulira, wamaso aakulu ndi wofatsa ngati sadziwa kunena mawu olasa. Chithunzi chimenecho chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi imene ndikufuna owerenga anzanga aimve.

Chithunzi chokhacho chosakayikitsa choonetsa nkhope ya Jane Austen, chojambulidwa iye ali moyo, ndi kachithunzi kakang'ono kamene mkulu wake Cassandra anajambula ndi pensulo ndi utoto wamadzi cha m'ma 1810. Lero kamasungidwa ku National Portrait Gallery mu mzinda wa London. Kachithunziko n'kosamalizidwa, ndipo munthu amene ali pamenepo wapinda manja pachifuwa, watseka milomo mwamphamvu, maso ake akuyang'ana kumbali monga munthu amene wamva zopusa koma wasankha kuzisunga kaye mumtima. Kunena chilungamo, si abale onse amene anakakonda; Anna, mwana wa mlongo wake, anadandaula kuti sikankafanana naye n'komwe. Cassandra anajambulanso china mu 1804, koma pamenepo Jane wakhala pansi kunja atavala diresi yabuluu, watifulatira, ndipo nkhope yake yabisika ndi chipewa.

Patadutsa zaka zoposa 50 chimwalirireni mlembiyu, James Edward Austen-Leigh, mwana wa mlongo wake amene anali mbusa wa mpingo, analemba buku la mbiri ya azakhali akewo, lotchedwa A Memoir of Jane Austen, limene linatuluka kumapeto kwa 1869 ngakhale pa tsamba lake loyamba anasindikizapo chaka cha 1870. Posafuna kuika kachithunzi ka Cassandra momwe kanalili, anapempha wojambula wina, James Andrews, kuti akakonze. Andrews sanamuonepo Jane Austen ndi maso ake. Anasalaza masaya, anakuza maso, anafewetsa milomo, anachotsa kupinda manja kuja, ndipo chimene chinatuluka ndi mayi wodekha woyenerana ndi zimene anthu a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ankayembekezera kwa mwana wamkazi wa mbusa. Nkhope yokonzedwayi ndi imene banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, inaika pa ndalama ya mapaundi 10 imene inatulutsidwa mu Seputembala 2017 pokumbukira zaka 200 za imfa yake.

Pa ndalama yomweyo pali chinthu china chimene chimandiseketsa. Pansi pa nkhopeyo anaikapo mawu ochokera m'buku lake la Pride and Prejudice, onena kuti palibe chosangalatsa choposa kuwerenga. Amene anawerenga bukulo akudziwa kuti woyankhula mawuwo ndi Caroline Bingley, mkazi amene alibe nako ntchito kuwerenga, amene watola buku kokha chifukwa ndi gawo lachiwiri la buku limene Darcy, mwamuna amene iye akufuna kumukopa, akuwerenga, ndipo amanena mawuwo akuyasamula, kenako n'kulitaya bukulo pambali. Mlembi anawalemba ponyodola munthu wachiphamaso, koma osindikiza ndalama anawatenga ngati malangizo a kwa ana a sukulu. Zimene zinachitikira nkhope yake zinachitikiranso mawu ake: chakuthwa chinachotsedwa, panatsala chosalala.

Tsono moyo wake sunali wosalala chotero. Jane anali wachisanu ndi chiwiri mwa ana asanu ndi atatu a mbusa George Austen, ndipo atsikana m'banjamo anali awiri okha. Bambo ake atapuma pa ntchito, banjalo linasamukira ku Bath mu 1801, ndipo atamwalira mu 1805, mayi wamasiye ndi ana ake aakazi awiriwo anatsala akudalira chithandizo cha ana aamuna. Anakhala akusamukasamuka, kwa kanthawi ku Southampton, mpaka mu 1809 pamene Edward, mlongo wawo amene analeredwa ndi banja lolemera la a Knight n'kulowa chuma chawo, anawapatsa nyumba m'mudzi wa Chawton. Mpata wothawa moyo wodalira ena unalipo: mu Disembala 1802 Harris Bigg-Wither, mnyamata amene ankayembekezera kulowa chuma chambiri, anamufunsira ukwati, Jane anavomera madzulo, koma m'mawa mwake anabweza mawu ake. Munthu amene wakana chuma chotere akudziwa bwino lomwe mtengo wa kukanako sangalembe za ukwati ngati maloto a mtsikana wosadziwa dziko.

Ndalama za mabuku ake nazonso zinali zochepa poyerekeza ndi kutchuka kumene kunadza pambuyo pake. Mu 1803 anagulitsa buku lake lina kwa wosindikiza wotchedwa Crosby pa mtengo wa mapaundi 10, mtengo womwe uja walembedwa pa ndalama imene ili ndi nkhope yake lero, koma wosindikizayo anangolisunga osalitulutsa, mpaka banjalo linaliwombola mu 1816 pobweza ndalama yomweyo. Limeneli ndi limene linadzatuluka iye atamwalira kale ndi dzina lakuti Northanger Abbey. Sense and Sensibility linatuluka mu 1811 lopanda dzina lake, litangolembedwa kuti mwini wake ndi mayi wina, ndipo linamupindulira mapaundi 140. Umwini wa Pride and Prejudice, buku limene lasindikizidwa kosawerengeka chiyambire 1813, anaugulitsa kwa wosindikiza Thomas Egerton pa mapaundi 110 okha.

Amene akukayika zimene ndikunenazi awerenge mutu wachiwiri wa Sense and Sensibility. John Dashwood walonjeza bambo ake ali pafupi kumwalira kuti adzasamala mayi ake omupeza ndi alongo ake atatu, ndipo poyamba akuganiza zowapatsa mapaundi 3,000. Mkazi wake Fanny, moleza mtima ndi mwaulemu wonse, akudula ndalamayo pang'onopang'ono: choyamba ikhale theka, kenako kandalama kapachaka, kenako timphatso ta apo ndi apo, mpaka pomaliza awiriwo akugwirizana kuti kuwathandiza kusamutsa katundu n'kokwanira, ndipo ngakhale mbale zimene amasiyewo atenge n'zabwino mopitirira msinkhu wawo. Palibe amene akukweza mawu kapena kutukwana, koma pofika kumapeto kwa mutuwo amasiye alandidwa zonse ndi anthu amene akudziona ngati achifundo. Sindikudziwa mlembi wina amene anaonetsa bwino chotere momwe dyera limavalira malaya a nzeru.

Mu Pride and Prejudice namonso muzu wa nkhani ndi chuma cha masiye. Munda wa Bambo Bennet umabweretsa mapaundi 2,000 pachaka, koma lamulo la cholowa chawo likuti ungapite kwa mwamuna yekha, ndipo popeza ana awo onse asanu ndi aakazi, tsiku limene bamboyo adzatsikire kuli chete nyumba idzakhala ya wachibale wawo Collins. Owerenga ambiri amawaseka Mayi Bennet chifukwa cha phuma lawo lofuna kukwatitsa ana, ndipo n'zoona kuti ndi mayi wopanda manyazi, koma mantha awo ali ndi chifukwa. Charlotte Lucas, wa zaka 27, akukwatiwa ndi Collins yemweyo akudziwa kuti ndi chitsiru, chifukwa chimene akufuna ndi denga la pamutu pake. Zinthu ngati izi n'zovuta kuzijambula. Hugh Thomson, amene zithunzi zake 160 zinakongoletsa bukuli mu 1894, m'kope lotchuka lija la nkhanga yachilendo ya mchira wotambasuka pachikuto, anali ndi luso lalikulu ndipo sindikumunyoza ayi. Koma cholembera chake chinagwira madiresi, magule ndi ngolo za akavalo, pamene masamu a mapaundi amene akuyendetsa anthuwo anatsalira m'mawu. Chimodzimodzi minda ya pa chilumba cha Antigua ku Caribbean imene imadyetsa banja la a Bertram m'buku lake lina la Mansfield Park: Fanny Price, mtsikana wachibale woleredwa m'banjamo, atafunsa za malonda a akapolo, m'nyumbamo munangoti zii, ndipo chete woteroyo alibe chithunzi.

Chodabwitsa n'chakuti mlembiyu ankadziwa yekha kuti chithunzi chimatha kunama. Mu Emma, mtsikana Emma Woodhouse akujambula mnzake Harriet Smith n'kumuonjezera msinkhu ndi kukongola chifukwa akufuna kumupezera mwamuna wapamwamba, ndipo Knightley, bwenzi la banja lawo, yekha ndi amene akumuuza mosapsatira kuti wamutalikitsa kwambiri. Emma akudziwa kuti n'zoona koma sakuvomera. Zimene James Andrews anadzachita ndi nkhope ya Jane Austen, mwini wakeyo anali atazilemba kale ndi kuziseka. Ankakondanso zojambulajambula: mu Meyi 1813 anapita ku chionetsero cha zithunzi ku London, n'kulembera Cassandra monyadira kuti wapeza chithunzi chofanana ndi Jane Bennet wa mu Pride and Prejudice, koma cha Elizabeth, mng'ono wake wa Jane Bennetyo, sanachipeze. Ndipo mu Disembala 1816, polembera James Edward yemwe uja akali mnyamata, anayerekeza ntchito yake ndi kujambula pa kachidutswa ka mnyanga wa njovu ka mainchesi awiri ndi kaburashi kosongoka kwambiri. Ambiri amawatenga mawu amenewa ngati kudzichepetsa, koma ine ndimawamva ngati nthabwala ya mmisiri wodziwa kuti pa malo ochepa chotero dzanja silingaphonye ngakhale pang'ono.

Sindikufuna kumulakwira James Edward. Mwala wa pamanda a azakhali ake m'tchalitchi chachikulu cha Winchester umatamanda mtima wawo wabwino ndi nzeru zawo koma sutchula kuti analemba mabuku, ndipo ndi phindu la buku lake lija limene linalipirira chikwangwani chamkuwa chimene chinadzaikidwa pakhoma pafupi ndi mandawo, chonena za zolemba zawo. Iye anachita zimene ankaona kuti n'zolemekeza banja, monganso Cassandra anachitira powononga makalata ambiri a mng'ono wake, moti otsala lero ndi pafupifupi 160 okha.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi laling'ono. Tsiku limene mudzalembe za Jane Austen pa tsamba lanu la mabuku, mudzaike kachithunzi ka Cassandra ka manja opinda kaja. Ngati malo kapena chilolezo zidzakukakamizani kugwiritsa ntchito nkhope ya pa ndalama ija, mudzalembe pansi pake kuti inachokera pa chithunzi cha mu 1869, chojambulidwa ndi munthu amene sanamuonepo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda mabuku