Za poloti ya malemu bambo

Achemwali,

Muli bwanji ku Lilongwe kumeneko, inu ndi ana? Kuno ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe, tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe, makamaka kukazizira. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva, koma zomwe munafunsazo sizoyankha ndi mawu awiri, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe.

Mwati azakhali ku Dedza akufunsa kuti ndalama za poloti ya malemu bambo zifika liti. Mukapita kumudziko mukawauze kuti polotiyo sinagulidwe, ndipo sindinadye kanthu. Ndikudziwa mmene akuganizira: mchimwene wawo anasiya malo mumzinda wa Harare, ndiye ife tili pa ulemerero. Akanabwera kudzaona, akanapeza udzu wofika m'chiuno, mulu wa zinyalala, ndi njerwa zochepa zomwe akuba anasiya.

Mukukumbukira kuti bambo anagula malowa kudzera ku kopaletivu ya nyumba, cha kumadzulo kwa mzinda. Kuno timati "stand". Inali nthawi ija ndalama imasungunuka m'manja, 2008 isanakwane, ndipo iwo ankati dothi silitha mphamvu ngati pepala. Pamenepo sanalakwe, chifukwa anzawo omwe anasunga ndalama kubanki anatsala ndi mapepala olembedwa mabiliyoni osagula ngakhale buledi. Koma kumanga analephera. Ankaopanso, poti mu 2005 anaona ndi maso awo nyumba za anthu zikugwetsedwa ndi boma pa ntchito yomwe inatchedwa Murambatsvina, ndiye ankati sayika simenti pansi mapepala asanalongosoke. Anamwalira akudikirabe.

Mapepalawo ndiye mutu wa nkhani yonse. Chomwe tili nacho ndi kalata ya kopaletivu ndi malisiti a zomwe bambo ankalipira. Title deed, chikalata cha boma chotsimikizira umwini wa malo, palibe. Munthu wa ndalama zake akabwera, funso loyamba limakhala lomwelo, ndipo akamva kuti palibe amatsitsa mtengo ngati akugula tomato wa dzulo pa msika wa Mbare Musika. Sindingamunene, anthu ambiri kuno analira atagula malo kwa akamberembere omwe amagulitsa poloti imodzi kwa anthu atatu, ena mpaka m'madambo momwe malamulo saloleza kumanga.

Nanga poti mwini wake anatisiya, sindingangosayina ndekha ayi. Chuma cha masiye chimayenera kulembetsedwa kwa Master of the High Court, ofesi ya kukhoti yoona za chuma cha masiye, asankhe woyendetsa chumacho, ndipo kugulitsa malo kumafuna chilolezo chawo. Kukhonsolo amafuna ngongole zonse za malo zithe, a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho kuno, nawonso ali ndi msonkho wawo pa zomwe wagulitsa. Loya sagwira ntchito yaulere. Zonsezi ndalama zimayamba zatuluka, ya wogula isanaoneke. Kwathu kumudzi zikanatha pansi pa mtengo, a mfumu ndi eni mbumba atakhala pamodzi, koma kuno sadziwa za mbumba, amafuna dzina lomwe lili papepala. Ndipo dzina la bambo pa chitupa linalembedwa mosiyana pang'ono ndi lomwe lili pa kalata ya kopaletivu. Chilembo chimodzi chokha, achemwali, chandiyendetsa miyezi.

Tsono chomwe chimandisowetsa tulo ndi anthu. Malo opanda mwini wooneka amaitana. Chaka chatha mayi wina woyandikana nawo anadzalapo chimanga osandiuza. Poyamba ndinakwiya, kenako ndinaona kuti bola iyeyo, chifukwa akalima udzu umachepa ndipo anthu amaleka kutayapo zinyalala. Ndinamulola, ndipo atakolola anandipatsa chidebe chimodzi. Koma mwezi wa June anandiimbira foni kuti kwabwera bambo wina ndi tepi yoyezera, akukhoma zikhomo, akuti anagula malowo. Ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, ndili ndi chitenje cha kukhitchini. Bamboyo anali ndi kalata yake, ya chidindo, yochokera kwa munthu yemwe sitimudziwa n'komwe. Sitinamenyane. Atayerekeza deti ya kalata yake ndi ya malisiti athu anangokhala pa njerwa zija atagwira mutu. Ndinamumvera chisoni, ngakhale anabwera kudzandilanda. Kuyambira tsiku limenelo ndimapitako Loweruka lililonse, kukangoima kuti anthu andione.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangomanga. Ndi chiyani? Malipiro anga amathera pa lendi ya chipinda cha mwana ku koleji ndi mankhwala a amayi. Komanso kumeneko madzi a m'mipope sanafike, anthu amadalira zitsime ndi mijigo, msewu ukagwa mvula ndi matope okhaokha. Amayi anakanitsitsa kuti sachoka ku Mufakose komwe kuli mpingo wawo ndi anzawo a maliro.

Wogula mmodzi analipo wooneka ngati wozama, koma ankafuna kulipira pang'onopang'ono m'ndalama ya ZiG ija inayamba mu April 2024. Ndinakana. Tinaona ndalama za ma bond note mu 2016, tinaona ya RTGS mu 2019, zonse zinatha mphamvu, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti malo amagulitsidwa m'madola a ku America, ndalama zonse pamodzi. Mwamuna wanga akuti ndine wouma mutu. Mwina.

Ndiye azakhali mukawafotokozere modekha, si inu mumatha kulankhula nawo. Mukawauze kuti ikagulidwa sindidzawaiwala, koma asayembekeze ng'ombe. Tikachotsa za loya, msonkho ndi ngongole, n'kugawana ndi alongo anga awiri, zotsala mwina zidzangokwana malata a nyumba ya azakhaliwo.

Mukapeza munthu wobwera kuno pa basi yodzera ku Tete, munditumizireko usipa ndi ufa wa kondowole, amayi akuulakalaka. Moni kwa alamu.

Ndine mnzanu,
wa ku Mufakose