Lipoti la msonkhano wa ku Camden: momwe banja la Macarthur linkayendetsera famu ya nkhosa ndi mahatchi

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kuti ndikakuimirireni pa msonkhano wa mbiri ya ulimi ku Camden, mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Sydney, poona kuti ambiri a ife tili kuno ku Australia pamene minda ndi ziweto zathu zili m'manja mwa abale kumudzi. Nkhani yaikulu inali ya famu ya Camden Park, imene banja la Macarthur linkawetapo nkhosa ndi mahatchi m'nthawi ya atsamunda, ndipo titatha kukambirana tinakayendera makola ndi nyumba zakale za pa Belgenny Farm, pamene panali likulu la ntchito za famuyo.

John Macarthur ndi mkazi wake Elizabeth anafika ku Sydney mu 1790, mwamunayo ali msilikali, ndipo mu 1793 anapatsidwa maekala 100 ku Parramatta, malo amene anawatcha Elizabeth Farm. Nkhosa za mtundu wa merino, zimene ubweya wake ndi wofewa ndiponso wokwera mtengo, zinafika m'dzikoli mu 1797 kuchokera ku Cape, ku South Africa, ndipo banjali linagulako zingapo. Mu 1805 John anabwera kuchokera ku England ndi nkhosa zina zochokera m'khola la Mfumu George III, komanso ndi chilolezo cha maekala 5,000 m'mbali mwa mtsinje wa Nepean. Malo amenewa ndiwo anakhala Camden Park.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri, ndipo ndikufuna kuti tichilingalire bwino, n'chakuti mwini famuyo sanakhalepo kwa zaka zambiri. Mu 1801 anatumizidwa ku England atawombera mkulu wake wa usilikali, William Paterson, pa mkangano, ndipo anabwerera mu 1805. Mu 1808 anali mmodzi wa atsogoleri a anthu amene anachotsa Bwanamkubwa William Bligh pa mpando, choncho anachokanso mu 1809 n'kukhala kunja mpaka 1817. Zaka zonsezi ntchito inatsala ndi Mayi Elizabeth. Iwo ndiwo ankasankha nkhosa zamphongo zoti zikwere, ankaonetsetsa kuti ubweya watsukidwa ndi kusankhidwa usanalongedzwe, ankayang'anira antchito, ankalemba chiwerengero cha ziweto, kwinaku akulera ana. Kuyambira mu 1812 ankathandizidwa ndi Hannibal Macarthur, mwana wa mkulu wake wa John. Kalata inkatenga miyezi yambiri panyanja, motero mayiwa sakanatha kudikira yankho la amuna awo pa nkhani iliyonse. Ankagamula okha, kenako n'kulemba kalata yofotokoza zimene achita. Mwamunayo, pokhala pafupi ndi ogula ubweya, ankawalembera za zimene ogulawo akudandaula nazo ndi mtundu wa ubweya umene ukufunidwa.

Pamenepa ndinadzifunsa ndekha. Ife tili ndi foni, ndipo timatha kuimba kumudzi kangapo pa tsiku, koma ambiri timatumiza ndalama za feteleza ndi mankhwala a mbuzi popanda kupereka mphamvu yeniyeni kwa mayi, mlongo kapena mphwathu amene akugona ndi kudzuka ndi ziwetozo. Ine ndemwe ndinachedwetsapo kugulitsa mbuzi chifukwa chofuna kuti mawu omaliza akhale anga, pamene amene anali pakhomo ankaona bwino kuti msipu watha. Maganizo anga ndi akuti Camden Park inalimba chifukwa wotsala pamalo anali ndi ulamuliro, ndipo zolembedwa zinkasungidwa moti wa kutali ankatha kutsatira ntchito popanda kukayikira mnzake.

Ana nawonso anagawana ntchito malinga ndi luso lawo. John wamng'ono, amene anali loya ku London, ankaimira banjali kumeneko pa za malonda ndi za boma. James ndi William, atabwerera ndi bambo awo mu 1817, anatenga ntchito ya pa famu, ndipo William anadzatchuka pa ulimi wa mphesa ndi mitengo. Mu 1822 ubweya wa banjali unapata mendulo zagolide ku London. Bambo awo atadwala matenda a ubongo ndi kumwalira mu 1834, famuyo sinagwedezeke, popeza anawo anali atazolowera kale ntchito. Nyumba yaikulu ya Camden Park inatha kumangidwa mu 1835.

Za mahatchi sitinakhalitsepo, koma mfundo yake inamveka. M'dziko la mitunda italiitali ndi misewu yochepa hatchi inali chofunika kwa woyang'anira ziweto, wamalonda ndi msilikali, motero banja loweta mahatchi abwino linali ndi msika pakhomo pomwepo, pamene ndalama za ubweya zinkachedwa chifukwa katunduyo ankayenera kuwoloka nyanja kaye. Kuyambira m'zaka za m'ma 1830 mahatchi a ku New South Wales anayamba kugulitsidwa ku India, kumene anadziwika ndi dzina lakuti Waler.

Ndingakhale nditakulakwirani ngati ndingabise mbali yowawa ya nkhaniyi, imene inatenga nthawi yaitali pa zokambirana zathu. Malo amene boma la Britain linapereka kwa banjali anali ndi eni ake, anthu a mtundu wa Dharawal, amene sanafunsidwe kapena kulipidwa. Mu 1816, pa lamulo la Bwanamkubwa Lachlan Macquarie, asilikali anapha anthu osachepera 14 a m'derali pafupi ndi Appin, ena mwa iwo amayi ndi ana. Abusa a nkhosa ambiri anali akaidi ochokera ku Britain ndi Ireland, amene boma linkawapereka kwa eni mafamu, ndipo dongosolo lotumiza akaidi ku New South Wales linaimitsidwa mu 1840. Ife amene makolo athu anadziwa thangata pa maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje sitifunika kuuzidwa kuti malo aulere ndi antchito okakamizidwa amalemeretsa bwanji munthu. N'chifukwa chake ndinanena pa msonkhanowo kuti n'kulakwa kuyamikira luso la banjali popanda kutchula amene analipira mtengo wake, ndipo ndikupempha kuti nafenso tisatenge chuma cha Camden Park ngati muyeso wa zimene banja wamba lingakwanitse pa maekala ochepa ndi antchito olipidwa moyenera.

Ubweya utasiya kukhala phata la famuyo, mdzukulu wa John, Elizabeth Macarthur-Onslow, anaitembenuza kukhala ya ng'ombe za mkaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Lero gawo lina la malowa lili m'manja mwa boma, ndipo pali Elizabeth Macarthur Agricultural Institute, malo a kafukufuku wa ulimi ndi matenda a ziweto, pamene nyumba yaikulu idakali ya zidzukulu za banjali.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu wotsatira iike nthawi yokambirana zinthu ziwiri: kaundula wosavuta wa ziweto ndi ndalama amene abale athu angamalembe mwezi ndi mwezi, ndi mgwirizano wa m'banja wonena zinthu zimene wotsala pakhomo angagamule yekha osaimba foni. Ndalemba chitsanzo cha kaundulayo ndipo ndachipereka kwa a Mlembi kuti achigawe kwa mamembala tisanakumane.

Ine nthumwi yanu.