Tsiku loimba mpingo wonse: titengereko kwa a ku Wales okhala ku America

A Mkonzi,

Tiloleni tidandauleko za kaimbidwe ka nyimbo za m'buku m'matchalitchi a muno mu Blantyre. Makwaya ndiye achuluka, mayunifolomu ndi owala, kiyibodi ikugunda mpaka malata kunjenjemera. Koma abusa akangolengeza nambala ya mu Nyimbo za Mulungu, mpingo wonse umathamangira ku sopulano, abambo n'kumang'ung'udza chapansipansi ngati akuba. Alito ndi tena zatsala m'kamwa mwa agogo ochepa okha.

Pali anthu amene vuto lotereli analipezera mankhwala. M'zaka za m'ma 1800, anthu ambiri a ku Wales, chigawo cha dziko la Britain, anasamukira ku America, ena kukakumba malasha ku Scranton ndi Wilkes-Barre m'chigawo cha Pennsylvania, ena kukalima ku Ohio ndi Wisconsin. Anapita ndi mwambo wotchedwa gymanfa ganu, kutanthauza msonkhano woimba, womwe kwawo unazika mizu mu 1859 chifukwa cha khama la katswiri wa nyimbo Ieuan Gwyllt m'tauni ya Aberdare. Mu 1929 anasonkhana ku Niagara Falls n'kuyambitsa msonkhano wa dziko lonse, umene lero umatchedwa North American Festival of Wales. Umachitika chaka ndi chaka chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, mzinda n'kumasinthasintha. Matchalitchi ang'onoang'ono nawonso amachita yawo.

Chinsinsi chake n'chakuti palibe wodzaonerera. Munthu akalowa pakhomo safunsidwa mpingo wake, amafunsidwa mawu amene amaimba, n'kukakhala ndi anzake a sopulano, alito, tena kapena besi, ngakhale zitanthauze kusiyana benchi ndi mkazi wake. Kutsogolo kumaima wotsogolera mmodzi, ndipo ali ndi ufulu woimitsa khamu lonse pakati pa ndime, kulikonza, n'kuyambiranso. Kolasi ikakoma amaibwereza. Akatha amamwa tiyi ndi timakeke tawo tophwatalala tootcha pachiwaya.

Ife sitikusowa kanthu kuti tichite zomwezi. Sol-fa imene inaphunzitsa anthu a m'migodi ya ku Wales kuwerenga nyimbo, ya d r m f s ija, ndi yomweyi imene amishoni anabwera nayo kuno, ndipo aphunzitsi a kwaya ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Bangwe akuiwerengabe.

Mipingo itatu kapena inayi yoyandikana igwirizane Loweruka limodzi. Musankhe nyimbo 12, zisanu ndi imodzi m'mawa, zotsalazo masana, pakati n'kupuma ola limodzi. Mukachulutsa, mawu amasasa nthawi isanakwane. Zisanu ndi zitatu zikhale zodziwika kwa aliyense, zinayi zokha zikhale zoiwalika zimene mukufuna kudzutsa. Mapepala a sol-fa okhala ndi mizere yonse inayi agawidwe kutatsala milungu inayi, pepala limodzi kwa anthu awiri, ndipo mpingo uliwonse uyeserere kawiri paokha. Pakakhalidwe, sopulano kumanzere kwa wotsogolera, alito kumanja, tena kumbuyo kwa sopulano, besi kumbuyo kwa alito. Amene sadziwa manotsi akhazikidwe pakati pa odziwa awiri. Khutu limagwira msanga kuposa diso.

Tsono apa ndi pamene zimaonongekera. Choyamba ndi kiyibodi. Woimba akayatsa ng'oma za m'kati mwake zija, liwiro limakhala la makina, wotsogolera sangathenso kukoka mzere kapena kuimitsa anthu kuti apume. Azimitse ng'omazo, asankhe mawu a limba, atsitse voliyumu mpaka munthu wa tena azimumva mnzake wa besi. Maikolofoni ikhale ya wotsogolera polankhula basi, akayamba kuimba aisiye. Ambiri amakana zimenezi, koma liwu limodzi likamveka pa sipika, anthu mazana awiri amasiya mizere yawo n'kulitsata.

Kwina n'kuyamba nyimbo pamwamba. Amayi a Mvano akamakuwa kuti afikire, dziwani kuti kiyi yakwera. Notsi yapamwamba kwambiri ya sopulano isapitirire D kapena E wapamwamba wa pa kiyibodi. Nyimbo ikamatsika yokha pofika ndime yachitatu, vuto ndi mpweya: anthu akhala pansi mopinda msana, kapena nyimboyo ikukokedwa ngati ya pamaliro. Aimiritseni, fulumizaniko pang'ono. A tena amakhala ochepa pafupifupi kulikonse, choncho amayi a mawu aakulu asachite manyazi kukawathandiza. Ndipo makwaya akapempha mpata woonetsa luso lawo, apatseni nyimbo imodzi pachigawo. Mukalekerera, tsikulo limasanduka mpikisano, mpingo n'kubwereranso pa benchi kukaombera m'manja.

Pali china chimene a ku Wales aja chinawapulumuka, ndipo ife tichenjere nacho. Nyimbo anazisunga, koma chilankhulo chinathawa m'makomo mwawo. Nyuzipepala yawo ya Y Drych inayamba mu 1851 ikulembedwa m'Chiwelishi, pang'onopang'ono inasanduka ya Chingerezi, ndipo mu 2003 inaphatikizidwa ndi ina yotchedwa Ninnau. Lero ambiri pa gymanfa amaimba ndime ina m'Chiwelishi ina m'Chingerezi, ya Chiwelishiyo akungotchula zilembo osamva tanthauzo. Ana a abale athu ku Johannesburg ndi ku London ali panjira yomweyo, ngakhalenso ena a ku Namiwawa konkuno. N'chifukwa chake tikupempha kuti nyimbo iliyonse isanayambe, wotsogolera awerenge ndime yoyamba mokweza, afunse ana a Sande sukulu kuti dipo n'chiyani, linga n'chiyani, ndipo asakweze dzanja mpaka wina atayankha.

Ndife,
Aphunzitsi a kwaya,
Blantyre