Kwa makasitomala athu a kadi la inshulansi ya zaumoyo

Amayi ndi abambo, makasitomala athu,

Tikudziwitseni kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa zinthu zisintha pa kiliniki yathu kuno ku Ulongwe. Kale mumangoonetsa kadi, kuonana ndi adokotala, kutenga mankhwala nkumapita, ndalama timakalondola tokha ku kampani ya inshulansi. Pano muzilipira kaye, kaya ndi kashi kaya M-Pesa kaya e-Mola, ife tizikupatsani fatura yokhala ndi NUIT yathu (nambala yathu ya msonkho) ndi dzina lanu kuti mukapereke ku kampani yanuyo akubwezereni.

Sikuti tatopa nanu ayi. Makampani ena asintha malamulo awo, akufuna tiziyamba tapempha chilolezo tisanayeze magazi kapena kupereka mankhwala ena, ndiye yankho lake limabwera wodwala atafika kale kwawo ku Domwe, ndalama nazo zimatha miyezi zisanalowe pomwe otigulitsa mankhwala iwo za ngongole safuna kumva olo pang'ono. Kabizinesi kakang'ono ngati kathuka sikangapirire zimenezo, mashelefu angaume.

Palinso nkhani ya IVA, msonkho wa pa zinthu zogula. Mu 2023 boma linaitsitsa kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti, anthu anasangalala, koma nthawi yomweyo linaika 5 peresenti pa chithandizo cha zipatala zapulayiveti chomwe kale chinalibe msonkhowu. Muiona yolembedwa payokha pa fatura. Kafunseni kuntchito kwanu ngati inshulansi yanu imabweza ndi imeneyi yomwe, musadzadabwe ndalama zitabwera zoperewera.

Ena mumabweranso ndi kadi la INSS, bungwe la boma la penshoni ya anthu apantchito. Zoona amakudulani 3 peresenti pa malipiro, abwana nkuwonjezera 4, koma zija ndi za penshoni ndi kangachepe mukadwala osapita kuntchito, bilu ya kuno salipira.

Amene akutidetsa nkhawa kwambiri ndi inu a BP ndi shuga omwe mumatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, makamaka agogo athu. Chonde musasiye kumwa chifukwa cha kalatayi. Bwerani tikambirane, titha kugawa malipiro pawiri, ndipo ngati mthumba mwavutiratu tikuuzani mosabisa kuti pitani kuchipatala cha boma komwe kapepala ka mankhwala ndi 5 metikali basi.

Wodwala mwakayakaya timuthandiza kaye, za ndalama pambuyo. Fatura musaitaye kapena kuinyowetsa, popanda iyo kukampani sakubwezerani.

Zikomo kwambiri,
Oyang'anira kiliniki, Ulongwe, Angónia