Trent wapita ku Madrid, koma tisamutche Yudasi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yathuyi ndiyankhulepo za Trent Alexander-Arnold, wosewera mpira amene anachoka ku Liverpool kupita ku Real Madrid mu 2025, chifukwa nkhaniyi yatigawanitsa ife masapota a Liverpool kuno ku Ndirande mpaka anthu oti takhala tikuonera mpira benchi imodzi kwa zaka pano tikungopatsana moni wapamwamba basi.

Ine ndinayamba kusapota Liverpool mu 2005, usiku uja wa ku Istanbul timuyi itatenga chikho cha Champions League, ndiye pasapezeke wondiuza kuti sizikundiwawa. Zinandiwawa. Pa 5 May 2025 mfanayu atalengeza kuti akuchoka sizoni ikatha ndinatseka foni tsiku lonse kuthawa ma sitetasi a anzanga a Man U, anthu oti timu yawo inathera pa nambala 15 sizoni imeneyo koma pakamwa ayi ndithu sipatsekeka. Koma zomwe zinachitika pa Anfield, bwalo la Liverpool, Lamulungu la pa 11 May tikusewera ndi Arsenal, izo zokha ndakana. Tinali mu vidiyo sho yathu ija ya kuseri kwa msika, modzadza mpaka ena anakhala pa makreti, ndiye kochi Arne Slot atatulutsa Conor Bradley kulowetsa Trent tinangomva sitediyamu ikumukuwiza, akagwira mpira kumukuwiza, akapatsira kumukuwizabe. Mkulu wina amene amakhala kutsogolo nthawi zonse atavala jezi ya nambala 66, ya Trent yemweyo, anaimirira nayenso kuyamba kukuwa kuti Yudasi, Yudasi, chala chili pa sikirini. Ndinamufunsa kuti akulu, jezi mwavalayo ndi ya ndani? Anangoti ndikaiwotcha kunyumba. Mpaka lero sanaiwotche, ndinamuona nayo Loweruka ku chigayo.

Tiyeni tikumbutsane. Mwanayu ndi wa mu Liverpool momwemo, ku West Derby, analowa akademi mu 2004 ali ndi zaka 6 zokha. Zaka 20 timu imodzi abale. Wasewera magemu opitirira 350, watenga Champions League mu 2019, ligi mu 2020 imene tinaidikira zaka 30, FA Cup, Carabao, Club World Cup, kenako ligi inanso mu 2025. Chatsala n'chani choti atipatse? Ndipo ndani waiwala pa 7 May 2019, Barcelona ya Messi itabwera ndi zigoli 3 m'thumba, ife tilibe Salah tilibe Firmino? Kona ija anachita ngati akuchokapo kumusiyira Shaqiri, kenako n'kutembenuka msangamsanga kuponya pansi ma difenda a Barca akadali kukambirana, Origi n'kungomenya, 4-0. Mfanayo anali ndi zaka 20. Usiku umenewo benchi yathu inathyoka mwendo, mwini vidiyo sho sanatilipiritse n'komwe chifukwa naye anali pamwamba pa tebulo. Munthu amene anatipatsa usiku umenewo lero akhale Yudasi?

Anzanga amene akwiya mfundo yawo ndikuimva, ndipo si yopusa ayi. Akuti vuto si kuchoka koma kachokedwe. Anadikira dala kontrakiti ithe kuti Real Madrid isalipire ndalama yeniyeni, iye n'kukatenga yake yosainira yambiri, pomwe Coutinho pochoka mu January 2018 Barcelona inalipira ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni ndipo nthawi yomweyo ndi imene timu inagula Van Dijk, kenako Alisson. Madrid yangopereka ma yuro pafupifupi 10 miliyoni, nayonso ndi yongofuna kuti imutenge msanga akasewere Club World Cup ku America, apo bii bwenzi atapita ulele weniweni. Akutinso anali wachiwiri kwa kaputeni, mwana wapakhomo, amayenera kukhala ngati Gerrard kapena Carragher, ana apakhomo amene anasewera mu timuyi zaka zambiri. Chinawonjezera moto ndi tsiku lomulandira ku Madrid lija, mfana anayankhula Chisipanishi chosalala bwinobwino, ndiye anthu akuti ameneyu anayamba kale kuphunzira ali pakati pathu, mtima unapita kalekale. Apa pokha nanenso ndinaseka mowawidwa, chilankhulo sichiphunzirika sabata ziwiri.

Koma funso langa ndi ili. Kontrakiti imasainidwa ndi mbali ziwiri. Zinatheka bwanji kuti Salah, Van Dijk ndi Trent, anthu atatu amene anyamula timu, onse alowe chaka chomaliza nthawi imodzi? Amene analekerera zimenezo ndi mabwana a mu ofesi, osati raitibaki. Klopp, kochi wa nthawi imeneyo, analengeza mu January 2024 kuti akuchoka, kumtunda kunali kusinthasintha anthu, nkhani ya makontrakiti inangogona. Salah ndi Van Dijk anadzasaina mu April 2025, onse ali ndi zaka zopitirira 30, pomwe Trent anali ndi 26, msinkhu woti timu iliyonse yaikulu ikumufuna. Ukasiya nkhuku panja usiku usamadzatukwane fisi m'mawa. Nanga pa Anfield paja ndani anakuwiza mabwanawo?

Ndiye za ulelezo. Liverpool inamugula ndalama zingati Trent? Palibe ngakhale tambala. Wijnaldum anachoka ulele mu 2021, Firmino ulele mu 2023 ndipo tinamuimbira nyimbo mpaka misozi. Kusiyana kwake n'koti awo timu inali itathana nawo, pomwe uyu ndi iyeyo wasankha. Ndiye kuti kukhulupirika kumene tikukambaku n'koti wosewera azidikira mpaka timu imutaye yokha miyendo ikatha? Ine ndinagwirapo ntchito pa shopu ina ya hadiweya mu Limbe zaka 11, kutsegula 7 koloko kutseka mdima, ena atandiitana kwina ndinakana ati ndine wokhulupirika. Tsiku lina Lachisanu bwana anangondipatsa envelopu, bizinesi yavuta, pa geti mlonda yemwe ndinkadya naye chimanga chootcha anandisecha chikwama. Kuyambira pamenepo munthu akamachoka pantchito miyendo ikadali yolimba ine sindimuweruza.

Komanso ife a Malawi tisamanamizire. Gabadinho Mhango atachoka ku Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013 tinamutcha wogulitsa? Tinawomba m'manja kuti mwana wapita kunja akadye bwino. Wosewera wathu aliyense akapeza timu ku South Africa, ku Mozambique kaya ku Tanzania timati Mulungu wamuona. Ndi angati mwa ife amene tili ndi m'bale ku Joni amene anasiya ntchito kuno osatsanzika n'komwe? Chikhala kuti Trent wapita ku Man United kapena Everton, ngati munthu kuchoka ku Maule kulowera ku Manoma, apo ndikanamvetsa, mwina jeziyo ndikanathandiza nawo kuyatsa machesi. Koma wapita dziko lina, ku timu yomwe yatenga Champions League ka 15, komwe kuli mnzake wapamtima Bellingham. Si woyambanso, McManaman anapita komweko ulele mu 1999 n'kukatenga Champions League kawiri, Owen anatsatira mu 2004. Ngakhale Gerrard amene tikumutchula ngati chitsanzoyo, mu 2005 anatsala pang'ono kupita ku Chelsea ndipo anthu anawotcha jezi yake, lero ndi mfumu.

Sindikunena kuti ndimufunira zabwino zonse ayi, ndisaname. Kumbuyo mfanayu amatayirira, mawing'a othamanga amamudutsa ngati palibe munthu, ndipo ku Bernabeu, bwalo la Madrid, anthu ake sanyengerera, amakuwiza ngakhale Ronaldo. Akakumana nazo kumeneko ine ndidzangoti walira mvula walira matope. Tikadzakumana nawo mu Champions League ndikufuna Gakpo adzamuzunguze mpaka apemphe kutuluka. Koma kumeneko ndi kumuona ngati mdani wa pa gemu, osati kufufuta zaka 20 ngati sizinachitike.

Tsiku lolandira chikho cha ligi pa 25 May 2025 titatha gemu ya Crystal Palace, ambiri pa Anfield anamuwombera m'manja ndipo mfana analira ngati mwana. Mu vidiyo sho mwathu munali zii, ngakhale mkulu wa jezi uja anangoweramitsa mutu kumanamizira kuti akuyang'ana foni. Pano tili ndi Bradley komanso tagula Frimpong ku Leverkusen, onse ndi othamanga, koma amene aziponya mipira ija yochoka kumbuyo kukagwera pa phazi la Salah ngati waiyeza ndi tepi sindikumuona. A Slot atiuze.

Sapota wa Liverpool wokhumudwa,
Ndirande, Blantyre