Dandaulo pa Ulendo wa ku Zanzibar Umene Munatikonzera

Salima,
Januwale 2025.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani Yokonza Maulendo,
Lilongwe.

Wokondedwa Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa foni yandikwana. Ndayimba kasanu, ndipo nthawi zonse achemwali a pa desiki amati bwana ali mu msonkhano, akuyimbirani. Lero ndi sabata yachitatu chibwerereni ku ulendo, mawu anu sindinawamvebe.

Mu Seputembala chaka chathachi ndinakwera minibasi kuchokera kuno ku Salima kudzalipira ulendo wa anthu awiri, ine ndi mayi a kunyumba, wa masiku asanu ku Zanzibar m'mwezi wa Disembala. Tinkakumbukira zaka 25 tili m'banja. Ndalamazo sindinachite kutola. Ndinasunga zaka ziwiri, zina ndinachita kugulitsa mpunga umene ndikanadya ndi ana. Pa pepala lomwe munandipatsa munalemba hotela ya m'mphepete mwa nyanja ku Nungwi, galimoto yodzatitenga padoko, boti lopita ku chilumba cha Changuu, ndi munthu wotiyendetsa mu Stone Town.

Mpaka ku Dar es Salaam zonse zinayenda bwino, ndege komanso sitima ya maola awiri ija. Mavuto anayambira padoko la Zanzibar. Akuluakulu a kumeneko anatifunsa umboni wa inshuwalansi yomwe boma lawo linayamba kulipiritsa alendo kuyambira pa 1 Okutobala 2024, madola 44 munthu mmodzi. Ife tinangoti kukamwa yasa. Munali ndi miyezi iwiri yathunthu yoti mutiuze, ngakhale ndi uthenga wa pa WhatsApp. Madola 88 anachoka pa ndalama ya m'thumba, ndipo inu mukudziwa mmene munthu amavutikira kuti apeze dola imodzi ku banki masiku ano.

Titatuluka, galimoto kunalibe. Tinakhala pa zikwama zathu maola awiri, dzuwa likutiswa pamutu, kenako uthenga wanu unalowa wakuti ku Nungwi kwadzaza, mwatipezera malo ku Paje, ndipo ndi chimodzimodzi. Takisi tinalipira tokha.

Bwana, si chimodzimodzi ayi, ndipo ndikukhulupirira kuti inu amene ntchito yanu ndi imeneyi mumadziwa. Ine ndakulira ku Senga Bay. Nyanja yathu ukaisiya madzulo, m'mawa umaipeza pomwepo. Nyanja yamchere ija siitero, imaphwera ndi kudzadza kawiri pa tsiku. Ku Nungwi, kunsonga ya kumpoto kwa chilumba cha Unguja, madzi sathawira kutali, n'chifukwa chake anthu amasambira nthawi iliyonse. Zimenezi ndinachita kufunsa mu ofesi mwanu, ndipo mnyamata wanu anandilozera pa mapu a pakhoma. Paje ili mbali ya kum'mawa, kumene gombe lake ndi lathyathyathya. M'mawa woyamba tinavala zosambira zathu zatsopano, mataulo paphewa, n'kupita kugombe. Nyanja kunalibe. Inali uko, kamzere kobiriwira kutali zedi, pakati pathu ndi iyo pali mchenga wonyowa ndi amayi atawerama m'minda yawo ya ndere za m'nyanja, akumangirira pa zingwe ndi timitengo ngati akubzala mpunga ku dimba. Tinati tiyende tiyipeze. Madzi asanafike n'komwe m'mawondo, mayi anaponda kanthu kakuda kaminga ngati kanungu, minga ina n'kuthyokera m'chidendene. Masiku awiri otsatira anayenda motsimphina.

Sindikunyoza Paje. Mchenga wake ndi woyera ngati ufa woyera, ndipo madzi akabwerera pamakhala pokongola ndithu. Antchito a pamalopo nawonso anali anthu, mtsikana wina anakhala pansi ndi madzi otentha kuchotsa mingayo osapempha kanthu. Koma malowo sanali m'mphepete mwa nyanja. Anali kuseri kwa msewu, mtunda wa mphindi khumi wapansi, fani ya m'chipinda yakufa, madzi a m'bafa akungodontha. Ndinafunsa mtengo wa chipindacho pa desiki. Sufika ndi theka lomwe la umene munandilipiritsa.

Boti la ku Changuu silinaoneke. Tinadikira kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa paliwombo, foni ya munthu wanu ili yothimitsa. Akamba akuluakulu aja, amene anachokera ku Seychelles mu 1919, tinangowaona pa zithunzi za m'mafoni a anzathu omwe anapita ndi makampani ena.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi cha Stone Town. Mayi a kunyumba kwawo ndi ku Nkhotakota. Anakula akumva kwa agogo awo za Jumbe, za anthu amene ankawasonkhanitsa pagombe n'kuwawolotsa nyanja, ulendo wa ku Kilwa, ena mpaka kukagulitsidwa ku Zanzibar. Mtengo umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe ankaudutsa ali mwana. Kwa iwo, ulendo wonsewu unali woti akaone kumene njira imeneyo inkathera, zosambirazi zinali zanga. Wotiyendetsa wanu atapanda kubwera, tinakwera tokha minibasi ya kumeneko yotchedwa daladala, tikufunsa njira ndi Chiswahili chothyokathyoka, mpaka tinafika pa tchalitchi cha Anglican chomwe anamanga pamalo a msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Tinalipiranso pakhomo. Tinatsikira m'tizipinda tapansi tija timene amati ankasungiramo akapolo, denga lake lalifupi moti ine ndinachita kuwerama, mpweya ukulowera pa timing'alu tapakhoma. Mayi anakhala pa chiguwa cha simenti, manja pamiyendo, osayankhula. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone ku Chitambo, ndipo tikanaudutsa osadziwa pakanapanda mlonda wina wachifundo kutilozera. Tinachoka mothamanga kuopa kuti mdima ungatigwere pa msewu wa ku Paje. Tsiku limene iwo analiyembekeza moyo wawo wonse linatha ine ndikuyang'ana wotchi.

Za inshuwalansi sindikupempha kuti mubweze, limenelo ndi lamulo la eni dziko, ngakhale kusatiuza kunali kulakwa kwanu. Chimene ndikufuna ndi ndalama yotsala mukachotsera mtengo wa chipinda cha ku Paje pa umene ndinalipira wa ku Nungwi, kuphatikizapo ya takisi, ya boti ndi ya wotiyendetsa uja. Kusunga ndalama ya zinthu zomwe simunapereke ndi kutidyera masuku pamutu. Ndaphatikiza makope a malisiti onse, pepala la mgwirizano, uthenga wanu wa padoko uja, ndi chithunzi cha mitengo ya zipinda chomwe ndinajambula ku Paje.

Ndikukupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Akatha osamva kanthu, mapepala omwewa ndikawatula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Nambala ya akaunti yanga ili pa pepala la mgwirizano. Mukafuna kuyankha, lembani kalata, za pafoni ndasiya.

Ine kasitomala wanu,
Wa ku Senga Bay, Salima.