Usanasaine ngongoleyo, bwera nayo Hilux tiyeze

Chinamwali, Zomba

Mwana wanga,

Kuchokera ku Matawale kufika kuno si mtunda woti nkulemberana makalata, koma sabata yachitatu ino foni yako ikungoitana, ndiye ndapatsira mlongo wako pepalali. Ife tili bwino, kupatula bondo la mayi ako lija limene limayamba kukangozizira. Upereke moni kwa apongozi anga ndi adzukulu.

Nkhani yako ndaimvera kwa anthu, ndipo zimenezo zandiwawa kuposa nkhaniyo. Akuti Hilux inawira ukukwera Ku Chawe ndi alendo. Akuti mnzako uja wa ku Limbe wakuuza kuti galimoto yoyenda makilomita 380,000 ndi mtembo, uigulitse kwa ophwasula, ukatenge ngongole kubanki, iye akuitanitsire ina ku Japan. Ndipo akuti chikole chake ndi poloti. Poloti, mwanawe? Pamene pagona ana ako?

Nambala ya pa dashibodi siuza munthu kuti galimoto yatha. Ingonena kuti yayenda. Kutha kumaoneka pa chesisi, chimango chachitsulo chakunsi chija, ndi m'kati mwa injini, ndipo zonsezi zimayezedwa tsiku limodzi.

Yamba ndi chesisi, chifukwa ikakhala yowola zina zonse ndikungotaya ndalama. Uitsukitse kunsi ndi madzi amphamvu mpaka matope onse achoke, uiike pa dzenje, utenge nyundo yaing'ono. Gogoda mbali zonse ziwiri, makamaka pamene pagwira masipuling'i akumbuyo, pamwamba pa difu ndi kuseri kwa thanki ya dizilo kumene matope amabisala. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chowola chimangoti phu phu nkumagwetsa makoko a dzimbiri. Iwe umapita ku Kachulu kukatenga nsomba ndi mpunga, ndipo madzi a ku Chilwa ndi amchere. Matope akewo akakhala m'kati mwa chesisi mvula ziwiri zitatu amadya chitsulo kuchokera m'kati, kunja penti ali bwinobwino. Bowo limodzi laling'ono wowotcherera wodziwa amadula nkuikapo chigamba cha chitsulo cholingana kukhuthala. Koma sikuludiraiva ikamalowa malo atatu anayi, kapena ukapeza mng'alu pafupi ndi bokosi la chiwongolero, ndikhala woyamba ine kukuuza kuti igulitse.

Chesisi ikapambana, tibwere ku injini. Yakoyo ndi 1KZ-TE, ndipo matenda ake aliyense wogwira sipanala amawadziwa: buloko ndi yachitsulo, hedi imene imavindikira pamwamba pake ndi ya aluminiyamu, ikawira kwambiri hediyo imang'aluka pakati pa mavalavu. Funso limene ndikufuna undiyankhe osanama ndi ili: singano ya kutentha kwa injini itafika pofiira unaima pomwepo, kapena unati ndingomaliza kakona aka? Ndikukudziwa. Uli mwana unkakankha njinga yophwa tayala mpaka pa rimu kuopa kuchedwa ku mpira.

M'mawa injini ili yozizira, tsegula chivindikiro cha radiyeta, dzaza madzi mpaka pakamwa, uilize. Mukamatuluka thovu losaleka ngati thobwa likuwira, mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Tsekanso, ugwire paipi yapamwamba ya radiyeta: ikalimba ngati tayala mphindi ziwiri zisanathe, ndi zomwezo. Yang'ana kunsi kwa chivindikiro cha oyilo ndi pa ndodo yoyezera. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa, ndipo zikatero usailizenso, chifukwa oyilo wamadzi amadya mabering'i a kirankishafuti.

Kenako kompuresheni, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya. Amachotsa maglopulagi onse anayi nkumayeza silinda iliyonse ndi geji ya dizilo, batire ili yodzadza. Silinda yosafika 20 bar yatopa, ndipo kusiyana kwa yamphamvu ndi yofooka kusapitirire 5 bar. Manambalawo akulembere papepala, usalole makaniko wongomvetsera ndi khutu nkuti "injini yapita bwana". Hedi ikachoka, pitsa chikhadabo m'khoma la silinda iliyonse. Chikamakodwa m'mizere yakuya, ntchito yakula, ifunika kubowola buloko, mapisitoni ndi maring'i atsopano. Makoma akakhala osalala, vuto lili pamwamba pokha, ndipo galimoto imeneyo sinafe.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalipira kawiri. Makaniko amasintha gasiketi yokha, galimoto nkuyenda mwezi umodzi, nkuwiranso pa Thondwe. Hedi ipite ku Blantyre kwa amakina akaipime ndi mpweya m'madzi otentha, chifukwa mng'alu wina sutseguka chitsulo chikazizira. Ikakhala yongopindika pang'ono, iwo akuuza ngati ingapalidwe. Ikakhala yong'aluka, usavomere zowotcherera, gula ina. Mabawuti a hedi akhale atsopano, amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu motsata ndondomeko yake kuyambira pakati kupita kunja, osati ndi paipi ndi mphamvu za nsima. Gasiketi ya injini imeneyi imabwera mokhuthala mosiyanasiyana, amasankha atayeza mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko. Makaniko akadabwa ndi mawu amenewa, nyamula galimoto yako uchokepo.

Ndipo hedi siing'aluka yokha, china chinaiwiritsa. Ukapanda kuchipeza, yatsopanoyo ing'alukanso. Kawirikawiri ndi kalachi ya fani: injini ikatentha, izimitse, uzungulize fani ndi dzanja. Ikamangozungulira mopepuka osagwira, yatha. Radiyeta ya zaka zonsezi imene wakhala ukuthira madzi a pa mjigo yatsekeka theka, isinthe, ndipo kuyambira pano uzithira kulanti. Chivindikiro chake ndi chotchipa, sinthanso. Themositati ngati anaichotsa aja amati kuno nkotentha siifunika, ibwezeretse. Pampu ya madzi uione. Lamba wa taiming'i ndi tenshena yake amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo sindikukumbukira utanenapo zoti wasintha chigulireni. Akaduka ameneyo mavalavu amakumana ndi mapisitoni, hedi yatsopano ija nkupita tsiku lomwelo.

Zakunsizi sizindiopsa. Mabushi, maboljointi, mashoko, mabering'i a mateyala, makolosi a propushafuti, zonsezi ndi zakutha ndipo zimapezeka pano pa Zomba ngakhale ku Limbe, ungamasinthe chimodzichimodzi mwezi ndi mwezi. Khetsa oyilo wa m'madifu onse awiri ndi wa mu transifa, bokosi logawa mphamvu ku mateyala akutsogolo ndi akumbuyo, uone ngati muli madzi kapena tizitsulo tonyezimira. Ndipo usiye khalidwe loiwala galimoto mu H4, giya yoyendera mateyala onse anayi, ukatuluka m'matope nkulowa pa tala. Ndinakumva tsiku lija ukukhota pageti pano mateyala akulira. Galimoto imeneyi pa tala wouma imayendera awiri akumbuyo basi, ukaikakamiza anayi transifa ndi imene imavutika.

Tsopano ndalama, chifukwa tulo tanga tikuthawira pamenepa, osati pa hedi. Tiyerekeze wabwereka K20 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100. Chaka choyamba chiwongoladzanja chokha chikuyandikira K6 miliyoni, pafupifupi K500,000 mwezi uliwonse, usanabweze ngakhale tambala ya ngongole yeniyeniyo. Banki sidziwa kuti chaka chino Chilwa yaphwa kapena kuti mpunga sunabereke. Tsiku likakwana lakwana. Tenga pepala, lemba mtengo wa hedi, gasiketi, mabawuti, radiyeta, kalachi ya fani, lamba, oyilo ndi wa makaniko, uwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo anayi la zobisika zimene zimatulukira injini ikatsegulidwa. Uike pambali pa zimene banki izikudula chaka chimodzi. Uone wekha.

Galimoto yoitanitsa imagulidwa ndi madola. Wayiwala November 2023, kwacha itagwa ndi 44 pa 100 usiku umodzi? Amene galimoto zawo zinali panjira anadzuka msonkho wa MRA utakwera, chifukwa amawerengera pa mtengo wa dola. Kuwonjezera apo pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, woiyendetsa mpaka pa Songwe, kulembetsa, inshuwalansi, COF. Mnzakoyo wakuwerengera zonsezi, kapena wangokuonetsa chithunzi pafoni? Chikomekome cha nkhuyu. Makilomita a pa dashibodi anthu amabweza masiku ano ndi kompyuta. Galimoto yolembedwa 90,000 koma mphira wa pa buleki watha mpaka chitsulo, chiwongolero chili see ngati mwala wapamtsinje, imeneyo ikunama. Yako ukuidziwa matenda ake onse. Inayo udzayamba kuwaphunzira ngongole ili kale pakhosi.

Palinso ichi. Zatsopanozi, za injini ya D-4D, zimakoka bwino, sindikukana, koma mainjekita ake safuna dizilo wakuda ngakhale pang'ono. Iwe mafuta akasowa umagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Yakaleyi imakukhululukira ukamasintha fyuluta, inayo siidzatero, ndipo injekita zake si zokonzera pansi pa mtengo wa mango.

Za mnzakoyo ndinena kamodzi, ngakhale mayi ako akuti ndanena kale kakhumi. Munthu amene akukuuza kuti gulitsa, yemweyo akupezera wogula, yemweyonso akuitanitsira ina, akudya mbali zitatu. Pa ukwati wako anafika mochedwa nkuchoka ndi kireti. Usamupatse bulubuku, usamupatse ndalama m'manja, ndipo chikalata cha poloti chisatuluke m'nyumba. Apongozi anga akudziwa zimenezi, kapena nawonso adzamvera kwa anthu ngati ine?

Sindikuti ukakamire chitsulo mpaka kalekale. Chesisi ikapezeka yowola, kapena buloko, giyabokosi ndi difu zikafuna ndalama nthawi imodzi, tigulitsa. Koma ngakhale pamenepo galimoto yoyenda yokha ili ndi mtengo wina, yokokedwa ndi chingwe ili ndi wina. Ndipo m'malo mwake tidzafuna ya pompano imene tingaikweze pa dzenje nkuigogoda tisanalipire, ya ndalama imene uli nayo, nkukasintha umwini ku Road Traffic mwini wake ali pomwepo. Poloti ayi.

Unkandigwirira tochi kunsi kwa galimoto usanayambe ndi sukulu yomwe, nkumagona tochi ili m'manja ikuwunika kudenga. Manja amenewo akudziwa kugwira nyundo, usamachite ngati mlendo pa zinthu zimenezi.

Bwera Loweruka m'mawa. Usaiyendetse, ikokedwe, ngakhale mtunda ndi waufupi. Geji ya kompuresheni ndabwereka kale, iwe ubwere ndi batire yodzadza ndi mapepala onse amene akupatsa kubanki, osasaina. Mayi ako akuti ngati mpunga wa ku Chilwa uja ulipobe uwatengereko ndowa imodzi, ndipo ana usawasiye.

Ndine bambo ako.